Makala, mkaka, madzi a mchere kapena njinga yamoto: tichite chiti munthu akamwa poizoni?

Kuno ku Dedza ndi kwa anansi athu ku Ntcheu, poizoni sitichita kumusaka. Ali m'nyumba iliyonse ya mlimi. Wa kachewere ku Bembeke, wa tomato ndi kabichi ku Lizulu kapena ku Tsangano, sangakolole kanthu osapopera, choncho mabotolo a dimethoate ndi cypermethrin amakhala pawindo kapena kuseri kwa chitseko, ena atathiridwa m'timabotolo ta zakumwa chifukwa anachita kugawana ndi mnzawo. Pamsika pali tameki wa makoswe wokulungidwa m'kapepala kopanda dzina. Chimanga chikalowa m'matumba pamabwera mankhwala a anankafumbwe. Onjezani palafini wa koloboyi, soda wopangira sopo, mapiritsi a BP a agogo, ndi aja owonjezera magazi amene mayi woyembekezera amalandira kusikelo.

Ndiye tsiku limene mwana wapezeka atagwira botolo lopanda kanthu, pabwalo pamadzaza ndipo aliyense amasanduka dokotala. "Mumwetseni mkaka!" "Ayi apongozi, madzi a mchere, asanze kaye." Wina wayamba kale kusinja makala a pa mbaula. Wakabaza waitanidwa, koma wangoima potero kudikira kuti akuluakulu amalize zoyesayesa zawo.

Mwa onsewa, wosinja makalayo ndiye ali pafupi ndi zoona, n'chifukwa chake kumutsutsa kumavuta. Alipodi makala amene madokotala amamwetsa munthu amene wamwa poizoni, activated charcoal, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO). Koma si aja a pa mbaula, sagwira poizoni aliyense, saperekedwa kwa wodwala aliyense, ndiponso nthawi ikapita amakhala opanda ntchito. Ine njira zonsezi ndiziyeza ndi funso limodzi: ola loyamba munthu atamwa poizoni ikulisunga kapena ikulidya?

Makala a kuchipatala

Amachokera ku mitengo, makoko a kokonati kapena malasha, koma akapsa amawabwezeranso m'ng'anjo ya fakitale n'kuwawomba ndi nthunzi pa kutentha kopitirira madigiri 800. Nthunziyo imaboola kachidutswa kalikonse n'kusiya timabowo tosawerengeka, tosaoneka ndi maso. Mutati mutambasule makoma a timabowo ta mu galamu imodzi yokha, angakute malo okwana masikweya mita 1,000. Munthu wamkulu amamwetsedwa magalamu 50, ndiye kuti m'kapu ya phala lakuda lija muli malo okula ngati mabwalo 7 a mpira. Poizoni akakhudza makomawo amamatirira, ndipo womatirirayo salowa m'magazi. Thupi siligaya makala. Amangodutsa m'matumbo atasenza katundu wawo n'kutuluka ndi chimbudzi, chimene chimada bii kwa tsiku limodzi kapena angapo. Kudako kusakuopseni.

Makala sapha poizoni. Amagwira yekhayo amene akadali m'mimba ndi m'matumbo, ndipo mimba sisunga chinthu nthawi yaitali. Zamadzimadzi zimadutsa msanga kuposa mapiritsi. Mu 1997 mabungwe awiri a akatswiri a za poizoni, lina la ku America lina la ku Ulaya, anagwirizana kuti makala asamangoperekedwa mwachizolowezi, koma aziganiziridwa pamene munthu wamwa mlingo woopsa wa chinthu chimene makala amagwira, ndipo pasanathe ola limodzi. Mu 2005 anabwereza mawu omwewo. Ola likadutsa phindu limatsika kwambiri, ngakhale dokotala angathe kuwaperekabe ngati mapiritsi ake ndi aja osungunuka pang'onopang'ono kapena ochedwetsa matumbo.

Ola limodzi! Wa ku Chimbiya kapena ku Kampepuza, m'mbali mwa M1, angathe kufika. Koma wa kuseri kwa mapiri, mu Febuluwale, matope ali m'maondo, ola limenelo limathera posaka mafuta a njinga. Mphindi 20 zimene zapita posinja makala pabwalo sizibweranso.

Kwa khanda losakwana chaka, malangizo a WHO amati galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Wa chaka chimodzi mpaka 12 magalamu 25 mpaka 50. Ufawo amausungunula m'madzi ochuluka ka 8 kapena ka 10. Kukoma kulibe, m'kamwa mumamveka ngati mchenga, ndipo ambiri amasanza. Apa m'pamene pali ngozi yake yaikulu. Munthu wowodzera, wokomoka, wogwedezeka thupi kapena wosanza mosalekeza samwetsedwa makala, chifukwa akalowera njira ya mpweya amakakhala m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Anthu ena anafa ndi makala enieniwo, poizoni wake anali woti akanachira. Kuchipatala, wodwala wotere akafunikadi makala, amayamba amuteteza kaye njira ya mpweya ndi chubu, kenako makalawo n'kudzera pa kachubu ka m'mphuno. Pakhomo zimenezi sizingatheke.

Pa mapiritsi ambiri makala amenewa ndi katswiri. Amagwira bwino Panado, aspirin, amitriptyline, quinine, mankhwala ambiri a BP ndi a khunyu. Palinso mankhwala asanu amene madokotala amabwereza makala maola angapo alionse: phenobarbitone, carbamazepine, quinine, dapsone ndi theophylline. Amenewa akalowa m'magazi amabwereranso m'matumbo, ndiye makala amakawadikira komweko. Nyumba imene muli wodwala khunyu, mwana n'kumeza mapiritsi ake, ndi chitsanzo chenicheni cha pamene makala a kuchipatala angapulumutse moyo.

Tsono tamverani zimene sagwira: palafini, petulo ndi dizilo, asidi wa m'batire, soda wopangira sopo ndi Jik, mowa wamtundu uliwonse, kachasu yemwe, ndi methanol amene amapezeka m'mowa wosakaniza mwachinyengo, mapiritsi owonjezera magazi, lithium, mtovu. Mukaonetsetsa, theka la zimenezi ndi zomwe zili m'nyumba zathu.

Palafini savulaza kwenikweni ali m'mimba. Amavulaza akalowa m'mapapo, ngakhale kadontho. Mwana amene wamwa palafini mukamumwetsa makala n'kusanza, mwamutsegulira njira yomweyo. Soda ndi asidi amawotcha kum'mero potsika, ndipo makala, kuwonjezera pa kusathandiza, amadetsa zilonda moti dokotala amalephera kuona pamene papsa. Mapiritsi a kusikelo aja mwana amawatenga ngati maswiti. Amasanza, amatsekula m'mimba, kenako amaoneka ngati wachira, mayi n'kupuma, pomwe chiwindi chikuwonongeka. Mankhwala ake ndi jakisoni wa deferoxamine. Makala pamenepa ndi kungodetsa mwana pakamwa.

A pa mbaula, ndi mapiritsi a kufamase

Wina adzati, makala ndi makala basi. Ndipo angatchule nkhani yotchuka ya katswiri wa mankhwala wa ku France, Touéry, amene cha m'ma 1830 anamwa strychnine wokwanira kupha anthu angapo pamaso pa madokotala, atamusakaniza ndi makala, osafa. Nthawi imeneyo njira ya nthunzi ija inali isanabwere. Zoonadi, makala wamba ali ndi kamphamvu kogwira zinthu, n'chifukwa chake ena amaika m'zosefera madzi. Koma taonani zimene bamboyo anachita. Poizoni wake anali wolemera pang'ono zedi poyerekeza ndi makalawo, ndipo ziwirizi zinakumana zisanalowe m'kamwa. Madokotala amafuna kuti makala achuluke ka 10 kuposa poizoni, makala ake aja oboolaboola. Makala a m'thumba la pamsewu timabowo tawo tambiri n'totsekeka ndi utomoni ndi mwaye. Kuti afanane mphamvu ndi kapu imodzi ya a kuchipatala, pangafunike mulu woti mwana sangameze.

Phindu ndi lochepa chonchi, koma ngozi zonse za makala enieni zilipo, ndi zina pamwamba. Makala osinja m'mtondo amakhala ndi zibulumwa, mchenga ndi phulusa. Mtengo wake simuudziwa. Ambiri timayatsira mbaula palafini kapena jumbo. Ndiye mwana akulira, wina wamugwira mikono, wina wamutsina mphuno, phala lakuda likukhuthulidwa kukhosi. Njira yachidule yolowetsera zinthu m'mapapo ndi imeneyo. Koma choipitsitsa pa zonse ndi mtima umene umatsika pambuyo pake: "Tamumwetsa makala, tiyeni tione kaye mpaka mawa." Mawa limenelo lapweteka ambiri. Phulusa, mkute wopserera ndi nkhoko za m'poto zili m'gulu lomweli.

Mapiritsi a makala a kufamase ndi activated charcoal weniweni, koma anapangidwira wodzaza mpweya m'mimba. Lililonse limakhala ndi mamiligalamu cha m'ma 250. Kuti mukwanitse magalamu 50 mungafunike mapiritsi 200. Kumwa awiri kapena anayi ndi kudzinamiza. Ndipatuke pang'ono: masiku ano kwabwera malonda a makala oti amatsuka thupi, ena m'tiyi, ena m'makapisozi, oti muzimwa tsiku ndi tsiku. Makala sasankha. Amagwira ma ARV, mapiritsi olera, a khunyu ndi a BP monga momwe amagwirira poizoni. Ngati muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, malonda amenewo adutseni.

Kusanzitsa, mkaka ndi mafuta

Kusanzitsa kumaoneka kwanzeru: chalowa, chituluke. Koma masanzi amatulutsa kagawo chabe, ndipo kusanzako kumakankhira wina poizoni kutsogolo m'matumbo. Soda amawotcha kachiwiri pokwera. Palafini amapeza mapapo. Mankhwala ambiri a m'munda amasungunulidwa m'mafuta a mtundu wa palafini, uja amachititsa kuti mukathira m'madzi ayere ngati mkaka, choncho nawonso pokwera amavulaza mapapo. Ngakhale ku America, kumene makolo ankasunga mankhwala osanzitsa otchedwa ipecac m'nyumba, madokotala a ana analetsa mchitidwewu mu 2003.

Madzi a mchere ndiwo ndimadana nawo kotheratu. Mwana akapanda kusanza, mchere wonsewo umalowa m'magazi, umakoka madzi a mu ubongo, mwana n'kuyamba kugwedezeka mpaka kufa. WHO inanena mosabisa kuti mchere usagwiritsidwe ntchito posanzitsa chifukwa umapha. Mwana amene analawa kamankhwala kosaopsa angathe kufa ndi mchere wa anthu omukonda. Mizu yosanzitsa ya kwa asing'anga ili ndi vuto lomweli, komanso imawonjezera chinthu chachiwiri chimene dokotala sakuchidziwa.

Mkaka sindiudzudzula kwambiri, koma suchita zimene timaunamizira. Suthetsa mphamvu ya poizoni. Umadzaza mimba, munthu n'kusanza ali m'njira. Ukafika kuchipatala uli m'mimba, umalanda malo pa makala enieni aja. Mafuta ophikira ndi mazira aawisi ndi chimodzimodzi, ndipo poizoni wina amene amasungunuka m'mafuta amalowa bwino m'thupi akapeza mafuta. Pokhapo pamene kumwa kanthu kuli ndi malo ndi pa soda kapena Jik: munthu atsuke m'kamwa n'kulavula, ndipo ngati akumeza bwinobwino angamwe madzi pang'ono, osati chikho chonse. Osayesa kuthira viniga kapena mandimu kuti alimbane ndi soda. Ziwirizi zikakumana zimatentha.

Kutsuka m'mimba

Achibale ambiri akafika kuchipatala amafuna kuona chubu chachikulu chikulowa kukhosi ndi ndowa ikudzaza. Chikapanda kuchitika amadandaula kuti wodwala wawo sanathandizidwe. Kale njirayi inali ya aliyense, koma kafukufuku anaonetsa kuti imachotsa zochepa, ingang'ambe kum'mero, ndipo munthu wosatetezedwa njira ya mpweya amatsamwa. Lero imasungidwira poizoni woopsa kwambiri amene wamwedwa posachedwapa. Poyerekeza ziwirizi, makala ndi ofatsa komanso osavuta. Dokotala akanena kuti satsuka, si ulesi.

Mankhwala a m'munda: apa makala si mwini nkhani

Poizoni amene amagoneka anthu ambiri kwathu kuno si mapiritsi, ndi wa m'munda ndi wa makoswe. Dimethoate ndi pirimiphos-methyl wa mu Actellic ali m'gulu la organophosphate. Tameki weniweni ndi aldicarb, wa gulu la carbamate. Magulu awiriwa amagwira mofanana: amatseka chinthu chimene chimazimitsa uthenga wa m'mitsempha, ndiye thupi lonse limangotulutsa madzi. Malovu chuchuchu, thukuta, misozi, kusanza, kutsekula m'mimba, kudzikodzera, mwana wa diso kuchepa kwambiri, minofu kunjenjemera, mtima kugunda pang'onopang'ono, m'chifuwa kulira. Munthu amafa chifukwa mapapo adzaza madzi ake omwe ndipo minofu yopumira yafooka.

Chimene chimamubweza ndi atropine. Ndi jakisoni wotchipa, wakalekale, amene amaumitsa madziwo ndi kudzutsa mtima. Amabaya mobwerezabwereza, kuwonjezera mlingo mpaka m'chifuwa mutayera, nthawi zina timabotolo tambirimbiri, pamodzi ndi mpweya wa okosijeni, makina oyamwa makhololo ndi diripi. Palibe chilichonse mwa izi chimene chimapezeka pabwalo.

Nanga makala? Funsoli linayesedwa m'dziko la alimi ngati lathu. Mu 2008 Michael Eddleston ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ku Sri Lanka pa odwala 4,632, ambiri mwa iwo atamwa mankhwala a m'munda kapena njere za mtengo wina wapoizoni. Anawagawa patatu: ena sanapatsidwe makala, ena kamodzi, ena kasanu ndi kamodzi. Chiwerengero cha omwalira sichinasiyane kwenikweni. Ambiri anafika patapita maola angapo, monga zimakhalira kumudzi, ndipo poizoni wamadzi anali atalowa kale. Ngati makala enieni, operekedwa ndi anamwino, sanasinthe zinthu kwa anthu ofika mochedwa, a pa mbaula angatani? Kafukufuku ameneyu ndiye amandichititsa kunena kuti pa poizoni wa m'munda mpikisano suli pakati pa makala ndi mkaka. Uli pakati pa kunyamuka tsopano ndi kunyamuka pambuyo.

Botolo nalo linyamuke, chifukwa mankhwala a m'munda si amodzi. Cypermethrin ndi wa gulu lina, ndipo atropine si yankho lake. Pa paraquat wophera udzu, makala operekedwa msanga ndi ofunika kwambiri, ndipo dokotala amasamala ndi okosijeni. Mankhwala ena a makoswe, aja a timibulu ta mtundu wowala, amaletsa magazi kuundana: munthu amakhala bwinobwino masiku awiri kapena atatu, kenako magazi m'kamwa, m'mphuno ndi m'mikodzo, ndipo mankhwala ake ndi vitamini K. Ufa wa m'kapepala ka pamsika sudziwika n'komwe kuti muli chiyani, ndiye kapepalako kapite, komangidwa bwino m'jumbo. Dzina limodzi pa chikalata cha botolo limasintha chithandizo chonse.

Wodwala wa organophosphate asathawe m'chipatala tsiku lachiwiri poti wayamba kucheza. Pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi ena amafookanso khosi ndi minofu yopumira mwadzidzidzi. Achibale mukaona akulephera kudzutsa mutu pa pilo, itanani namwino nthawi yomweyo.

Komanso alimi ambiri samwa poizoni, amamusamba. Sipuleya yodontha pamsana, kupopera chiwawu mphepo ikubwerera kumaso, kusakaniza ndi manja. Poizoni wodzera pakhungu makala sakumana naye konse. Muvuleni zovala zonse, mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri, m'maso muthire madzi oyera kwa mphindi 15, ndipo inu wothandiza muvale majumbo m'manja. Chimodzimodzi wodzera m'mphuno. Mapiritsi ofukizira chimanga amatulutsa mpweya wakupha, ndipo matumba ofukizidwa sayenera kukhala m'nyumba yogona anthu. Ndi kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno ku Dedza, mbaula yogona nayo m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide wosanunkha: mutu, chizungulire, kukomoka. Mankhwala ake ndi kutulutsira munthu panja, kenako okosijeni kuchipatala. Njoka nayo ndiitchule mwachidule: phala la makala pabala silikoka ululu.

Poizoni wofatsa poyamba

Pali mitundu iwiri imene imanamiza banja chifukwa wodwala amayenda yekha. Woyamba ndi Panado wochuluka. Tsiku loyamba munthu angamve nseru yokha, koma chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete, ndipo maso achikasu akamaoneka tsiku lachitatu zinthu zafika patali. Makala m'ola loyamba amathandiza kwambiri, ndipo mankhwala othetsa mphamvu yake, acetylcysteine, amagwira bwino akayambika pasanathe maola 8. Kumbukiraninso kuti mankhwala ambiri a chimfine muli Panado yemweyo, ndiye mapaketi onse apite.

Wachiwiri ndi bowa wa dzinja. Amene amasanzitsa pasanathe maola awiri nthawi zambiri si woopsa kwenikweni ngati amene amadikira. Bowa wowononga chiwindi amayamba patapita maola 6 mpaka 24, amatsekula m'mimba koopsa, amaleka, kenako chiwindi n'kugonja. Pa bowa wotereyu makala a kuchipatala amaperekedwa ngakhale mochedwa, mobwerezabwereza, chifukwa poizoni wake amazungulira kudzera mu ndulu n'kubwerera m'matumbo. Onse amene anadya m'mbale imodzi apite, ngakhale amene sakumva kanthu, ndipo bowa wotsala atengedwe.

Ulendo wake

Pitani ku chipatala chimene chili pafupi. Musadumphe chaching'ono pofuna chachikulu, pakuti jakisoni woyamba ndi kuyeretsa njira ya mpweya zingayambire pomwepo, iwo n'kuitana ambulansi. A kumunsi kwa phiri, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ali ndi Mua. Zipatala za boma ku Dedza ndi ku Ntcheu zimatumiza odwala ofunika makina opumira ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita cha m'ma 85 kuchokera pa boma la Dedza. Wina aimbe 929, Chipatala cha pa Foni, ulendo uli m'kati, osati m'malo mwa ulendo.

Wofooka agonekedwe chammbali, makamaka kumanzere, kukamwa kutaloza pansi kuti malovu ndi masanzi azituluka. Njinga yamoto ndi yabwino kwa munthu amene akutha kukhala yekha. Wokomoka akaikidwa pakati pa anthu awiri mutu umagwera chagada kapena pachifuwa, njira ya mpweya n'kutsekeka. Ngati pali galimoto, ngakhale lole ya kachewere, ndi bwino kumugoneka m'menemo. Ngati palibe, wakumbuyo ntchito yake ikhale mutu basi. Osamumwetsa kanthu m'njira.

Namwino adzafunsa zinthu zitatu: wamwa chiyani, nthawi yanji, wochuluka bwanji. Nthawiyo muione pa foni pamene mwazindikira, chifukwa ndi imene idzagamule ngati makala aperekedwe kapena ayi. Tengani kabuku ka kuchipatala, ka mwana kamene kali ndi kulemera kwake. Ndipo nenani zonse zimene mwamumwetsa kunyumba, mchere, mizu, mafuta, popanda kubisa.

Pali china chimene chimadya ola lija kuposa matope: manyazi. Akakhala kuti munthu wamwa dala, banja limayamba lakhala pansi. Amalume aitanidwe kaye, anthu asamve, apolisi angabwere. Ena akafika amanama kuti ndi malungo. Mwana wanu, mkazi wanu kapena achimwene anu amene afika pamenepo ndi wodwala kawiri, m'thupi ndi mumtima, ndipo ambiri amene apulumuka sabwerezanso akapeza wowamvera. Nenani zoona kwa dokotala. Akachira asatuluke osaonana ndi namwino wa matenda a maganizo, amene amapezeka m'zipatala za boma, ndiponso a St John of God ku Lilongwe amathandiza pa zimenezi. Pobwerera kunyumba, mankhwala onse a m'munda ndi mapiritsi akhale atachoka kale, ndipo kumunyoza pabwalo kusakhalepo. Ngati inu amene mukuwerenga muli ndi maganizo oterewa, uzani munthu mmodzi lero, kapena imbani nambala ija ya 929.

Kodi tigule makala enieni tisunge?

Kwa banja wamba ndinganene kuti ayi. Nthawi zambiri mudzakhala ndi palafini, soda, mapiritsi a kusikelo kapena munthu wowodzera kale, ndipo m'zonsezi botolo la makala m'kabati lidzangokukopani kuchita cholakwika. Ndalama yake ndi bwino igule loko wa bokosi la mankhwala opopera, bokosilo likhale kunja kwa nyumba yogona, mankhwala akhale m'mabotolo awo enieni, ogulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala a m'munda la Pesticides Control Board.

Kumene ndingaganize kawiri ndi ku kalabu ya alimi kapena sukulu yogonera komweko imene ili maola angapo kuchokera ku chipatala. Kumeneko kusunga magalamu 50 a ufa weniweni wa kufamase kungakhale ndi nzeru, koma pokhapokha mutakambirana ndi azachipatala a m'dera lanu, ndipo pakhale munthu mmodzi wophunzitsidwa amene akudziwa mndandanda wa zosagwira uja pamtima. Wodwala akhale wamaso, womeza yekha popanda kumukakamiza, ola lisanathe, wazaumoyo atavomera pa foni, ndipo azimwa galimoto ikuyenda. Botololo likhale lomata ndi louma, chifukwa ufawo ukakhala pamtunda umayamwa chinyezi ndi fungo la m'chipinda, timabowo tija n'kudzaza tisanakumane ndi poizoni, ndipo tsiku lotha ntchito lolembedwa pa botolo liziyang'anidwa nyengo yopopera isanayambe.